Chikole cha Elena ndi Botolo Lodontha

Amene anapasula chibwenzi cha Elena ndi Kalisto ndi Gerevazio, mkulu wa achinyamata a chipani pa Linthipe. Ndikumutchula dzina masanasana kuti wina asadzati sanamve. Sanawapeze akuba. Sanawapeze akutukwana munthu. Anatenga mphatso yopita kwa mayi wodwala, botolo limodzi la mankhwala, n'kuisandutsa chingwe chomangira anthu awiri pakhosi. Ena mpaka lero amati, "Zinali nthawizo." Nthawi ilibe manja. Manja anali a Gerevazio.

Sitolo ya Kalisto inali yakale kuposa msika womwe. Anaimanga mwenye wina nthawi ya azungu, ya njerwa zootcha, malata adzimbiri ndi khonde lalitali. Boma litalamula kuti amwenye achoke m'midzi apite m'matauni, mwenyeyo anasiyira sitolo Kalisto, amene anakulira kuseri kwa kauntala akuyeza mchere ndi palafini. Anamusiyiranso zonse zimene zinakana kukwera lole: mashelefu odzaza mabotolo, ndi mulu wa manyuzipepala akale okulungira katundu.

Mabotolowo ndiwo ankadyetsa sitoloyo. Analipo a chifuwa, a njoka za m'mimba, mafuta otentha opaka nyamakazi, madzi otontholetsa makanda. Koma mkulu wa onse anali Magazi a Njati, mankhwala ofiira, onanda, otsekemera ngati uchi. Pakhoma panja panakhomedwa chimalata chojambulidwa njati ndi mzungu wandevu atakweza chitsulo ndi dzanja limodzi. Anthu ankati ukamwa supuni imodzi m'mawa, khasu limapepuka. Kaya zinali zoona, kaya anali shuga ndi utoto chabe, akudziwa ndi amene ankawapanga kutsidya kwa nyanja. Anthu a ku Kasina ndi ku Mayani ankawakhulupirira ngati madzi odalitsa.

Tsiku lina la msika, Elena atatsiriza kugulitsa mbatata yake ya kachewere, anakwera pakhonde la sitoloyo dengu lili m'khwapa. Kumutu anamanga duku lobiriwira la maluwa oyera. Linthipe yense ankadziwa kuti duku limenelo ndi chikole chimene Kalisto anam'patsa pomufunsira.

"Nankhoma," anatero Kalisto pomuitana ndi mfunda wake, atatsamira pa kauntala, "mwabwera kudzagula kapena kudzandiona?"

"Ndabwera kudzaona njati ili pakhomayo. Ndi yokhayo yamphamvu pano."

A Alufeo, telala wachikulire amene ankasoka pakhondepo, anaseka osadzutsa mutu pa makina. "Wakumaliza, Kalisto. Imwa botolo lonse mwina uyankhe."

Kalisto anatsitsa mawu. "Atsibweni anu akuti bwanji tsopano?"

Ankanena a Benedicto, mlongo wa amake a Elena, amene anali mwini mbumba komanso mkulu wa mpingo ku Kasina. Bambo a Elena anamwalira iye ali wamng'ono, choncho mawu onse a ukwati anali m'kamwa mwa a Benedicto.

"Akuti mwana wa kudambwe salowa m'nyumba ya Akatolika."

"Kodi sandiona kukalasi ya ubatizo? Ndimakhala pabenchi limodzi ndi tiana, mawondo ali m'chibwano, kuloweza katekisimu. Dzana kamwana kena kanandikonza Atate Athu pagulu."

"Akuti ng'oma ya gule ikadzalira mudzatuluka m'tchalitchi Misa ili pakati."

"Ng'oma imene ikundithamangitsa ine ili muno," anatero Kalisto akudzigunda pachifuwa. "Woimba wake ndi inu."

Elena anayang'ana pansi akumwetulira, kenaka nkhope inagwa. Anamuuza za amake, a Magadalena, amene chikololereni sanapeze bwino. Akaima chizungulire, akayenda pang'ono phuma, milomo yayera ngati ufa.

Kalisto anatembenukira ku mashelefu. Anakwera pa kabokosi, natsitsa botolo la Magazi a Njati kuchokera pa shelefu yapamwamba, nalipukuta fumbi ndi malaya.

"Ndilibe chogulira, a Kalisto."

"Ndani wanena zogula? Mkamwini sagulitsa mankhwala kwa apongozi."

"Simunakhale mkamwini."

"Ndikuyeseza."

Anatambasula dzanja pansi pa kauntala, nasolola pepala limodzi pa mulu uja monga ankachitira tsiku lililonse pokulunga sopo, mchere kapena singano. Maso ake sanali pa pepala. Anali pa Elena. Anakulunga botolo, napotokola kumapeto, naligoneka m'dengu. Akulu anati mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

* * *

Potulukira pamsika panali chingwe chopingasa njira, ndi anyamata a malaya ofiira akufunsa makhadi a chipani. Wopanda khadi sankadutsa, ngakhale atabereka mwana wodwala. Pakati pawo panaima Gerevazio, wamfupi, wa mapewa otakata, fungo la mafuta a m'tsitsi likumveka patali. Chaka chathacho anafunsira Elena pachitsime, Elena n'kumukana. Anthu ena akakanidwa amaiwala. Gerevazio ankasunga.

Elena anamasula pangodya ya chitenje natulutsa khadi lake.

"Khadi lili bwino," anatero Gerevazio osaliyang'ana n'komwe. "Duku nalonso lili bwino. Nanga m'denguli mwatibisira chiyani?"

"Mankhwala a amayi."

Anapisa dzanja m'dengu, ndipo polibweza zala zinali zofiira. Chotsekera cha botololo chinali chitauma pa zaka zimene linakhala pashelefu, ndipo chifukwa choligoneka cham'mbali, mankhwala anali akudontha njira yonse kuchokera kusitolo. Gerevazio anaseka, nayamba kumasula pepala lokulungira lija kuti apukutire zala. Kuseka kuja kunathera pakati.

Elena anasuzumira.

Pa pepalapo panali nkhope ija. Simukusowa kuuzidwa kuti ndi iti. Ndi nkhope imene inkapachikidwa m'sitolo iliyonse ndi m'sukulu iliyonse pamwamba pa china chilichonse, imene amayi ankaivala pansalu pokavina, imene munthu sankailoza ndi chala. Mankhwala ofiira aja anayambira pamphumi, n'kutsika kudzera m'diso mpaka pakamwa, ngati munthu wotemedwa ndi nkhwangwa.

Gerevazio sanakuwe. Akanakuwa bwenzi zili bwino, chifukwa anthu akanaona botolo likudontha ndi maso awo. Iye anafulatira anyamata ake, napinda pepalalo mosamala ngati nsalu ya paguwa, naliika m'thumba la malaya.

"Wakukulungira ndani?" anafunsa chapansipansi.

Elena anatembenuzira nkhope kumbali.

"Usavutike. Magazi a Njati amagulitsidwa pakhomo limodzi lokha pano."

"Botolo ladontha lokha, a Gerevazio. Onani chotsekerachi."

"Ine ndikukhulupirira, Elena. Koma kumene amapita mapepala otere kulibe amene amafunsa botolo." Analiimika bwino m'dengu ndi manja ake. "Pita ukawamwetse amayi. Uwauze atsibweni ako kuti ndibwera kudzawaona."

Anakweza chingwe kuti adutse.

* * *

Njira yochoka pa Linthipe kupita kwawo Elena anaidziwa chibadwire, koma tsiku limenelo sanaone mtengo kapena munthu. Galimoto ikalira kumsewu waukulu, iye ankapatukira m'tchire.

Ankakumbukira a Timoteyo, aphunzitsi ake a sitandade 3. Iwo anangoona ntchentche itatera pa galasi la chithunzi chija m'kalasi, n'kuimenya ndi buku ana akuona. Mwana wina anakasimba kunyumba ngati nkhani yoseketsa. Sabata isanathe kunabwera galimoto. Mkazi wa a Timoteyo sanaone mtembo, sanamete, sanalire maliro. Anakalamba osadziwa ngati ndi wamasiye kapena ndi mkazi wa munthu. Kuchitsime akazi anzake ankamusiyira malo aakulu ngati ali ndi khate. Imeneyo inali ntchentche chabe. Nanga magazi pankhope?

Kunyumba a Magadalena anali atakhala pamphasa padzuwa, atafunda bulangete. Ataona botolo nkhope yawo inawala.

"Wapereka ndi mwana uja wa kusitolo? Mulungu amudalitse. Achimwene anene zimene anganene, mtima wa munthu suoneka pa chikalata cha ubatizo." Ananyambita supuni. "Koma latayika lambiri. Sanakukulungire?"

"Pepala lang'ambika panjira," anatero Elena, nalowa m'khitchini kuti amake asafunsenso zambiri.

Masiku otsatirawo Elena sankapeza tulo. Kumunda khasu linkamugwa m'manja. Anaganiza zothamangira kwa Kalisto kukamuuza, koma ankamudziwa. Kalisto akanapita molunjika kwa Gerevazio kukafotokoza ngati munthu kwa munthu mnzake, ndipo kufotokozako ndiko kukanakhala kuvomera mlandu.

* * *

Gerevazio anafika Lamulungu anthu atangobwera ku Misa. Anali pa njinga, atavala jekete, paketi ya shuga ili pakaliyala. A Benedicto anamulandira pansi pa mtengo wa mapichesi, nam'patsa mpando wabwino. Elena ndi amake anakhala pamphasa chapatali pang'ono.

Anayamba ndi za mvula ndi mitengo ya feteleza. Kenaka anasolola pepala lija, nalitambasula pang'ono chabe pa bondo lake, nalipindanso.

A Benedicto anachita chizindikiro cha mtanda. Kolona imene inali m'manja mwawo inagwera m'fumbi ndipo sanaitole.

"Chinthu ichi chinapezeka m'dengu la mwana wa mlongo wanu, bambo," anatero Gerevazio mofatsa. "Ine ndi udindo wanga ndikuyenera kuchipereka. Akachiona akuluakulu afunsa mafunso atatu. Anakulunga ndani? Ananyamula ndani? Nanga chinkapita kunyumba ya yani?"

"Chinkabwera kwa ine," anatero a Magadalena. "Ndine wodwala, ndamwa ndine. Mwanangayu walakwa chiyani? Mnyamata ujanso walakwa chiyani? Iwe Gerevazio, ndinakuona uli wamaliseche ukuthamangitsa nkhuku za amako. Lero ukubwera kudzatiopseza ndi shuga wodontha?"

"Khalani chete, mlongo," anatero a Benedicto. "Mukufuna tonse tithere m'galimoto?"

Gerevazio anamwetulira. "Amayi akunena zoona, ndine mwana wa pano. N'chifukwa chake pepalali likadali m'thumba mwanga. Munthu sapereka banja lake. Elena atakhala wa kwathu, nkhaniyi ikhala ya m'nyumba. Ndiye ndimati ndidziwe, ndikuteteza abale anga kapena anthu wamba?"

Nkhuku inadutsa pakati pawo ikutola.

Tamverani tsono za a Benedicto. Munthu amene anakana Kalisto chifukwa sanabatizidwe sanafunse Gerevazio kuti anaulula liti machimo. Sanafunse za mwana amene Gerevazio anaberekera mtsikana wina ku Mayani n'kumukana, nkhani imene ngakhale agalu ankaidziwa. Anangoti, "Tamva, bambo. Tumizani ankhoswe anu."

"Ankhoswe sabwera pakhomo pamene pali chikole cha mwamuna wina," anatero Gerevazio akuyang'ana duku la Elena. "Tsiku la msika ukalibweze kwa mwini wake, pakhonde paja, anthu akuona. Ndipo usamuuze chifukwa. Mozambiki ali pafupi, ndikudziwa. Akathawa iye, mafunso onse atsalira wonyamula ndi womwa."

Apo m'pamene Elena analankhula koyamba. "Ndikabweza, a Kalisto muwasiya?"

"Ndilimbana naye chifukwa chiyani?"

"Nanga pepalalo?"

"Ukadzangobweza, sudzalionanso m'thumba mwanga."

Atakwera njinga n'kupita, a Magadalena anatenga paketi ya shuga ija n'kuiponya m'khola la nkhumba. Koma anachita zimenezo njinga itazimiririka, ndipo pambuyo pake anayang'ana uku ndi uku ngati wina waona.

* * *

Tsiku la msika Elena sanasenze kachewere. Anangomanga duku lija n'kunyamuka, dengu lili lopanda kanthu. Atafika anaona Gerevazio tsidya lina la msewu atatsamira njinga yake, akutokosa m'mano ndi kamtengo.

Pakhonde panali anthu: amayi awiri akusankha ulusi kwa a Alufeo, mkulu wina akufunsa mafuta a nyamakazi. Kalisto atamuona anasiya sikelo.

"Nankhoma, njati ija yakusowani sabata yonse. Yaonda."

Elena sanaseke. Anakweza manja, namasula mfundo ya duku. Zala zinakanika kawiri konse. Analipinda, naliika pa kauntala pakati pa iye ndi Kalisto. Makina a a Alufeo anasiya kulira.

"Ichi n'chiyani?" anafunsa Kalisto.

"Ndi chanu."

"Ndikudziwa kuti chinachokera kwa ine. Ndikufunsa kuti chikutani apa."

"Ndabweza."

Amayi a ulusi aja anasuntha kuti amve bwino. Kalisto anaweramira patsogolo. "Ndi atsibweni? Ndipita ndekha ndikagwade. Abambo a ku mishoni anena kuti pa Pasaka ndibatizidwa. Elena, tadikira zambiri, ichi n'chochepa."

Elena anadziwa kuti akapanda kumulasa pamtima, Kalisto adzabwera kwawo mawa lomwe, ndipo Gerevazio adzamva. Anafunafuna mawu oipitsitsa amene anali nawo, nawatenga m'kamwa mwa atsibweni ake.

"Si atsibweni. Ndine ndekha. Sindingabereke ana ndi munthu wa kudambwe. Mungasambe madzi a ubatizo mtsuko wonse, fungo lake silichoka."

Mmodzi wa amayi aja anagwira pakamwa. Nkhope ya Kalisto inachita ngati yathiridwa phulusa. Anayang'ana duku nthawi yaitali, osalikhudza. Pamene analankhula, mawu anali aang'ono.

"Amayi akupeza bwanji?"

Elena akanatha kupirira kutukwanidwa. Izi ndiye ayi. "Akupezako bwino."

"Botolo limodzi silikwanira. Amafunika awiri kuti magazi abwerere." Anakwera pa kabokosi kaja, natsitsa lina. "Ili si la chibwenzi, ndi la odwala. Musalikane."

Anatambasula dzanja pansi pa kauntala, pa mulu uja.

"Musakulunge!"

Mawuwo anatuluka okha, mokweza, mpaka mkulu wa nyamakazi uja anadzidzimuka. Kalisto anaima dzanja lili m'malere. Elena anatembenuka kuti athawe, koma podutsa pa makina anagwetsa dengu dala. Powerama kuti alitole ananong'oneza a Alufeo.

"Botolo lija linadontha. Pepala lili ndi a Gerevazio. Muone zimene zajambulidwa pa mapepala enawo."

A Alufeo sanafunse kanthu. Anali munthu wamkulu, anali ataona zambiri. Elena anatola dengu n'kutsika pakhonde.

* * *

Anakumana ndi Gerevazio kuseri kwa chigayo, kumene phokoso la injini linkabisa mawu. Kumutu kwa Elena kunalibe duku, mphepo ya ku Dedza ikumuwomba m'makutu, ndipo ankadzimva ngati wavula.

"Ndabweza. Mwaona nokha. Ndipatseni pepala lija."

Gerevazio anatembenuza thumba la malaya, kenaka la buluku. Munalibe kanthu.

"Si ndinati sudzalionanso m'thumba mwanga?"

"Lili kuti?"

"Kwa eni ake. Linapita Lolemba."

Lolemba. Ndiye kuti pamene iye ankagona osagona, pamene ankayeseza mawu opha nawo Kalisto, pepalalo linali litapita kale.

"Munalonjeza pamaso pa atsibweni."

"Ndinalonjeza kuteteza abale anga. Dzina lako silinatuluke, la amako silinatuluke. Ndinawauza kuti ndinalitola pansi, pakhomo pa sitolo." Anamugwira dzanja, Elena nalisolola. "Ukulirira chiyani? Sitolo ngati ija siyenera kukhala m'manja mwa munthu wosadalirika. Akuluakulu aona wina woisamala, ndipo sayang'ana kutali. Udzakhala kuseri kwa kauntala yomwe ija, mkazi wa mwini sitolo. Si zimene unkafuna?"

Injini ya chigayo inazima mwadzidzidzi. Wachigayo anali ataona chinthu kumsewu. M'chete mmenemo Elena anamva kulira kwa galimoto ikutsika pang'onopang'ono kuchoka pa msewu wa tala.

* * *

Msika wonse unaima. Ogulitsa tomato anasiya kuitana, amayi anakokera ana kumbuyo kwa zitenje. Galimotoyo inali yobiriwira, yotseka kumbuyo, ndipo inaima pansi penipeni pa chimalata cha njati. Munatuluka amuna awiri a majekete, wina wamtali wa magalasi akuda, wina wonenepa atanyamula chikwama.

Anapeza Kalisto ali pakhomo la sitolo atafungatira mulu wonse wa manyuzipepala. A Alufeo anali atamuuza. Ankafuna kuwachotsa, koma kuwapititsa kuti? Kuwotcha nkhope zimenezo, utsi ukanamuulula. Kuwataya kudzala, ndiye kudzikumbira manda. Anangoima nawo ngati munthu wonyamula mwana wakufa.

Elena anadzipanikiza pakati pa anthu mpaka anafika kutsogolo. Kalisto anamuona. M'maso mwake munalibenso funso, anali atamvetsa zonse, duku lija ndi mawu oipa aja. Anapukusa mutu pang'ono chabe, kumuuza kuti akhale chete.

Wa magalasi anatsegula chikwama cha mnzake, natulutsa pepala lija, nalionetsa kwa Kalisto yekha. Anthu onse anayang'ana pansi kuopa kuliona.

"Ntchito iyi ndi ya yani?"

"Ndinakulungira botolo ndine, bwana. Sindinayang'ane. Chotsekera chinali chakale."

"Unakulungira yani?"

"Sindikumbukira. Pano pamadutsa anthu ambiri."

Mbama inamveka mpaka kuchigayo. Manyuzipepala anamwazika pakhonde, nkhope zija zili m'fumbi, ndipo anthu anabwerera m'mbuyo ngati ndi njoka.

"Ndifunsanso. Anatuluka nalo ndani muno?"

"Ndaiwala, bwana."

Elena ankaopa. Wina asakunamizeni kuti chikondi chimachotsa mantha. Ankaona nkhope ya amake ndi ya mkazi wa a Timoteyo zitasakanikirana. Koma anaonanso magazi enieni akutsika pamlomo wa Kalisto, ndi duku lake lili pa kauntala pomwe analisiya, palibe walikhudza.

Anakwera pakhonde. Anadutsa pakati pa amuna awiriwo, natenga duku, nalimanga kumutu. Nthawi iyi zala sizinakanike.

"Ndinatuluka nalo ndine," anatero momveka. "Anali mankhwala a amayi anga. Linagona cham'mbali m'dengu langa n'kudontha lokha. Palibe anapaka dala."

"Elena, tsika," anatero Kalisto. "Bwana, mtsikanayu sindikumudziwa bwino. Wandikana lero lomwe, anthu onsewa aona."

Elena anatembenukira kwa anthu. "Nonse muli apa mwanyamulapo mchere ndi sopo m'mapepala amenewa. Mayi inu a ulusi, dzana lomweli usipa wanu unali m'chiyani? Nenani kuti ndi mmene timakulungira tonse. A Alufeo, inu munalipo."

Mayi uja anaphimba nkhope ndi chitenje. A Alufeo anatsegula pakamwa, nayang'ana galimoto, natsekanso. Anthu odzaza msika, panalibe ngakhale wotsokomola.

Gerevazio ndiye anathamanga, thukuta lili pamphumi. Izi sanaziwerengere. "Mabwana, pepani, uyu si wa m'nkhaniyi. Ndi mtsikana wanga, ankhoswe akupita kwawo sabata ino. Mutu wake sukuyenda bwino chifukwa cha matenda a amake."

Wa magalasi anamuyang'ana kuyambira kunsapato mpaka kutsitsi lonyezimira lija.

"Mtsikana wako wavala duku la mwamuna wina?" Anatembenukira kwa Elena. "Pepala ili linachoka bwanji m'dengu lako?"

"Analitenga ndi iwowa, pachingwe cha makhadi, tsiku la msika wapitawo."

"Iwe unatiuza kuti unalitola pansi," anatero wa magalasi kwa Gerevazio, mosakweza mawu. "Ndiye kuti unagona nalo m'nyumba mwako mpaka Lolemba, ukulisungira chiyani? Usachoke pa Linthipe. Tidzakufuna nawenso."

Milomo ya Gerevazio inayera kuposa ya a Magadalena.

Wonenepa uja anatsegula chitseko chakumbuyo kwa galimoto. Mkati munali mdima ndi fungo la dizilo. "Kwerani nonse awiri."

Kalisto anakwera poyamba, natambasula dzanja kuti amukweze. Elena analigwira. Linali lozizira ngati lake. Asanatseke chitseko anaona botolo lachiwiri lija lili chiimire pa kauntala, losakulunga, lofiira padzuwa, ndipo panalibe ndi mmodzi yemwe amene akanalimba mtima kukalipereka kwa amake.

Galimoto inakwera pa tala. Fumbi lisanakhazikike, wa tomato wina anayambanso kuitana malonda.

Gerevazio ndamutchula, sindikubweza. Koma Gerevazio anali mmodzi, ndipo pamsika paja panali anthu odzaza bwalo, aliyense ali ndi pepala lotero kunyumba kwake, lothimbirira ndi mafuta a usipa. Mawu anali ochepa: "Ifenso timakulungira momwemo." Inu amene mukuwerenga, musandiuze za nthawi. Ena mwa inu munaima pamisika yotere, mukudzidziwa. Mtsikana wa kumunda anakwera pakhonde mawondo akugundana. Inu pakamwa panu panali pati? Ndiyankheni.